Chopanda Dzina Chikagogoda: Maganizo pa Mafilimu Oopsa

Pali mtundu wina wa mafilimu oopsa umene anthu ophunzira amakonda kuunyoza, namati nchakudya cha ana ndi cha anthu aulesi pa kuganiza. Ndikunena mafilimu aja oti anthu wamba, osalakwira munthu, atsekeredwa m'nyumba kapena m'sitolo, kunja kuli chinthu chofuna kuwapha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene akudziwa kuti chinthucho nchiyani, chachokera kuti, nanga chikufunanji. Ambiri mwa mafilimu otere ngachabechabe ndithu, sindikana. Koma alipo ochepa amene ife ofuna kulemba nkhani tiyenera kuwaonera ndi maso awiri, chifukwa akugwira nkhani imene ifeyo timaiphonya kawirikawiri tikagwira cholembera.

Mfundo yanga ndi iyi. Mafilimu amenewa amanena za nthawi ija ya pakati, tsoka litagwa kale koma chifukwa chake chisanadziwike, ndi zimene anthu amachitirana m'nthawi imeneyo. Filimu yabwino ya mtunduwu imatisunga m'nthawiyo mpaka mapeto, osatipatsa munthu womloza chala. Filimu yofooka imatopa nayo, nithamangira kuyankha, ndipo poyankhapo nthawi zina imapezeka yagwirizana ndi gulu la onyamula miyala. Nditsamira pa mafilimu atatu a ku America: The Birds ya 1963, Night of the Living Dead ya 1968, ndi The Mist ya 2007. Awiri oyambawo akuigwira mfundoyi mpaka kumapeto. Yachitatuyo ikuigwira nkuitaya ili pafupi kufika.

Tiyambe ndi mbalame. Alfred Hitchcock adatenga nkhani yaifupi ya Daphne du Maurier ya 1952, yochitikira ku Cornwall m'dziko la England, naisamutsira ku Bodega Bay, kamudzi ka asodzi ka m'mbali mwa nyanja ku California. Melanie Daniels, mwana wa munthu wolemera wa ku San Francisco, wapita kumeneko atanyamula timbalame tiwiri m'kakhola, mphatso ya mlongo wake wa Mitch Brenner, mnyamata amene wangokumana naye kumene. Kwa kanthawi ndithu filimuyi ikuyenda ngati nkhani ya chibwenzi. Kenaka mbalame imodzi ya kunyanja ikumjompha Melanie pamutu ali m'boti. Tsiku lotsatira mbalame zikuukira ana paphwando, madzulo ake mpheta zikukhuthukira m'nyumba kudzera pachumuni, ndipo m'mawa mwake mlimi wina akupezeka atafa kuchipinda kwake, maso atakolowoledwa.

Hitchcock sakutiuza chifukwa chake, ndipo sakutithandizanso ndi nyimbo zija za kuseri zimene zimachenjeza oonera kuti tsopano opani. Chimene tikumva ndi kulira ndi kukupiza kwa mbalame, kumene Oskar Sala adakupanga ndi chipangizo cha magetsi. Taonani chochitika cha kusukulu chija. Melanie wakhala pabenchi akusuta fodya, ana akuimba m'kalasi. Kumbuyo kwake khwangwala mmodzi watera pazitsulo zimene ana amakwerapo posewera. Abwera ena, abweranso ena. Ife oonera tikuwaona akuchuluka, iye sakuwaona, ndipo pamene akucheuka zitsulo zonse zada bii. Khwangwala ndi mbalame imene tonsefe timaipirikitsa padzala tsiku ndi tsiku. Mantha akuchokera pamenepo, poti chinthu chozolowereka chasintha khalidwe osapereka chifukwa.

Koma mtima wa filimuyi uli m'nyumba yodyera, m'mene anthu a m'mudzimo akukangana. Mayi Bundy, amene adaziphunzira mbalame, akuti nzosatheka: mbalame zilibe nzeru zokonzera nkhondo, ndipo za mitundu yosiyana siziulukira pamodzi. Chidakwa china chikuti dziko latha, nichitchula mavesi a m'Baibulo. Bambo wina wamalonda akuti ingotengani mfuti muzithe zonse. Onse ayankha, koma mbalame zikubwerabe, ndipo pamalo omwetsera petulo pabuka moto. Anthu atabisala m'kakhonde ka m'kati, mayi wina wa ana awiri akumtembenukira Melanie, namuuza kuti zonsezi zidayamba iye atafika, kuti ndiye gwero lake, kuti ngwoipa. Mayankho ena onse atalephera, latsala yankho limodzi losafuna umboni, ndilo chala choloza mlendo. Filimuyi siimvomereza mayiyo. Pomaliza wailesi ya m'galimoto ikunena kuti mbalame zaukiranso malo ena monga Santa Rosa, ndipo banja lija likutuluka pang'onopang'ono pakati pa mbalame zikwizikwi zongokhala phee, popanda ngakhale mawu aja olembedwa otiuza kuti filimu yatha.

Nkhaniyi ili ndi mbale wake weniweni. Mu Ogasiti 1961 mbalame zambirimbiri za kunyanja zidagwera m'tauni ya Capitola, ku California komweko, zikudziomba kumakoma ndi kusanza tinsomba, ndipo Hitchcock adaitanitsa nyuzipepala imene idalemba nkhaniyo. Padapita zaka pafupifupi 50 kuti akatswiri apeze umboni woti mbalamezo zidadya poizoni wochokera ku ndere za m'nyanja. Chifukwa chidalipo, koma chidafika mochedwa, ndipo anthu amene adadzidzimutsidwa kutulo usiku umenewo sadachidziwe. Filimu ya Hitchcock yaima pa usiku wotere.

George Romero ndi anzake adapanga Night of the Living Dead pafupi ndi Pittsburgh, ndi madola pafupifupi 114,000 okha, m'zithunzi zakuda ndi zoyera. Akufa auka ndipo akudya amoyo. Anthu 7, ambiri osadziwana, athawira m'nyumba ya pafamu. Pano tiyenera kusamala ndi mawu. Wina angati awa ndi ndondocha, koma ndondocha imakhala ndi mwini wake amene adaiukitsa kuti izimgwirira ntchito. Nayenso wakufa woyenda wa m'zikhulupiriro za ku Haiti, amene mafilimu akale a ku America ankamsonyeza, adali ndi mbuye wake. Ukampeza mwiniyo, mlandu watha. Romero adamchotsa mwiniyo. Akufa ake satumidwa ndi munthu. Pawailesi ya kanema akatswiri akukangana ngati zachititsa ndi cheza chochokera ku chombo cha m'mlengalenga chimene chidapita ku Venus, koma sakugwirizana, ndipo filimu siikuimangira mfundo nkhaniyo.

Tsono popeza kunja kulibe womuimba mlandu, mlandu ukulowa m'nyumba. Ben, mnyamata wakuda, akuti tikhome matabwa m'mazenera ndi m'zitseko, tikhale pamwamba pano pamene tingathe kuona ndi kuthawa. Harry Cooper, mzungu amene ali ndi mkazi ndi mwana wolumidwa, akuti tonse titsikire m'chipinda cha pansi pa nyumba, chokhala ndi khomo limodzi. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Mkanganowo suchedwa kusiya nkhani ya chipinda nkukhala wakuti bwana ndani, mfuti agwira ndani. Cooper akumtsekera Ben kunja, Ben akummenya, ndipo pambuyo pake akumuombera. Ife oonera takhala mbali ya Ben kuyambira pachiyambi, chifukwa ngwolimba mtima pamene Cooper ngwamantha ndi wodzikonda. Koma taonani chimene Romero akutichita. Nzeru ya Ben yothawa pagalimoto ikuphetsa Tom ndi Judy, matabwa aja akuthyoka, ndipo Ben mwini akupulumuka usikuwo pobisala m'chipinda chomwe chija cha pansi chimene adachikana. Munthu woipa mtima uja adanena zoona pa za chipinda. Wolemba wamantha sakadalola zimenezi.

Kutacha, gulu la amuna amfuti ndi agalu likuyenda m'minda likuombera akufa aja. Ben wamva, wakwera, wasuzumira pazenera. Amuona patali, amuombera pamphumi, namkokera pamoto ndi ngowe pamodzi ndi mitembo ina. Romero ankanena kuti adamtenga Duane Jones kusewera Ben chifukwa ndiye adachita bwino koposa poyesedwa, osati chifukwa cha khungu lake. Tingamkhulupirire. Koma filimuyi idatuluka mu Okutobala 1968, miyezi 6 Martin Luther King ataphedwa, ndipo kudali kovuta kuti munthu wa ku America aone azungu amfuti ndi agalu akupha munthu wakuda wosalakwa osakumbukira zimene ankaziona m'nyuzipepala. Amunawo sakudziwa chimene chaukitsa akufa. Chimene akudziwa nchakuti chilichonse choyenda pazenera nchoombera, ndipo palibe amene akufuula kufunsa ngati muli munthu.

The Mist ya Frank Darabont, yochokera pa nkhani ya Stephen King ya 1980, ikuyamba ngati mwana wa mafilimu awiriwa. Mkuntho utatha, David Drayton ndi mwana wake Billy apita kusitolo yaikulu m'tauni ya Bridgton ku Maine, ndipo nkhungu yochindikala yaphimba tauni yonse. Wotuluka sabwerera. Mwa zochitika zonse, choopsa koposa ndi cha chingwe: bambo wina akutuluka atamangidwa chingwe m'chiuno, anzake akuchimasula pang'onopang'ono, mwadzidzidzi chikuthamanga nkuwaotcha manja, kenaka chikulefuka, ndipo pochikoka chikubwera chofiira. Chilombo sitikuchiona, chingwecho chatikwanira.

M'sitolomo anthu agawikana. Brent Norton, loya, akukana kuti kunja kuli chilombo, natsogolera kagulu kake kulowa m'nkhungu. Mayi Carmody akulalika kuti ichi nchilango cha Mulungu ndipo chifuna magazi. Poyamba anthu akuwaseka. Patangopita masiku ochepa ambiri ali pambuyo pawo. Marcia Gay Harden adaisewera bwino mbali imeneyi, ndipo Darabont akutisonyeza mosathamanga m'mene anthu abwinobwino, wogulitsa nyama ndi wokonza makina, amasandukira gulu lakupha: aliyense amene waona zoopsa ndi maso ake akusamukira kumene kuli yankho. Msilikali wachinyamata, Jessup, ataulula mphekesera zimene adamva kumsasa kwawo, ambaya ndi mpeni namponya kunja. Kufika apa filimuyi njamphamvu ngati anzake aja.

Vuto likuyamba ndi zimene Jessup waulula. Akuti asilikali, pa ntchito yawo yachinsinsi yotchedwa Arrowhead, adatsekula khomo la kudziko lina. Nkhungu ija tsopano ili ndi mwini, ndipo gulu limene lapha mnyamata wosalakwa lapezeka kuti lidaloza mbali yoona. Taonaninso m'mene zochitika zikuwaikira umboni Mayi Carmody. Chilombo chouluka chiwatera pachifuwa nkuwasiya osawaluma. Jessup ataponyedwa kunja, usikuwo kukhala bata monga adalosera. Kenaka akuti nsembe yotsatira ikhale mwana, Billy. Ollie, wogwira ntchito m'sitolomo, awaombera, ndipo David athawa pagalimoto ndi mwana wake ndi anthu ena atatu. Petulo atatha, ali anthu 5, zipolopolo 4. David akupha onse anayi, mwana wake yemwe, kuti zilombo zisawadye. Patangopita mphindi zochepa nkhungu ikuyera, asilikali akutulukira ndi magalimoto onyamula opulumuka.

Nkhani ya King simatha chotere. Imawasiya anthuwo ali paulendo m'nkhungu, akuyembekeza. King mwini adawayamikira mapeto atsopanowa, ndipo oonera ambiri amawatama kuti ngolimba mtima. Ine ndikuti ngolakwika. Mwina Darabont adafuna kutichenjeza za kutaya mtima msanga, nchifukwa chake akutisonyeza mayi uja amene adatuluka m'sitolo yekha pachiyambi kukafuna ana ake, ali pagalimoto ya asilikali ndi anawo amoyo. Koma oonera samva zolinga za m'mtima mwa mwini filimu. Amaona ndondomeko ya zochitika. Mlaliki adafuna magazi a mwana. Mwana wafa, nkhungu yachoka. Inde wamisala adaona nkhondo, koma wolemba akakonza dziko la nkhani yake kuti mawu onse a wofuna magazi akwaniritsidwe, wauza oonera kuti nsembe ya munthu imagwira ntchito. Hitchcock sadampatse mayi wa m'nyumba yodyera uja mphatso yotere.

Mafilimu a pambuyo pake akutsata njira ziwiri zomwezi. Mu A Quiet Place ya John Krasinski ya 2018, banja likukhala chete chifukwa zilombo zosaona zimasaka ndi makutu. Filimuyi njoopsa mpaka mtsikana wogontha wa m'banjamo atazindikira kuti kachipangizo kake ka m'khutu kamazifoola. Pamenepo mantha asanduka masamu, peza pofooka, omba, ndipo chithunzi chomaliza ndi mayi akukonza mfuti. Mu It Comes at Night ya Trey Edward Shults ya 2017, mabanja awiri akukhala m'nyumba imodzi m'nkhalango nthawi ya mliri. Khomo nlimodzi, lofiira, lokhomedwa usiku uliwonse. Usiku wina lipezeka lotseguka, wotsegula osadziwika, ndipo kukayikirana kukuthera poti banja lina lapha linzake, kamwana komwe. Oonera ambiri adakwiya kuti chobwera usikucho sadachione. Chikhalirecho adachiona, chili pagome chikudya nawo.

Wina pakati panu adzati: kodi uku sikutamanda umbuli? Matenda ali ndi chifukwa, ndipo kudziwa chifukwacho ndiko kumapulumutsa anthu. Winanso adzati wolemba wosafotokoza ngwaulesi chabe, wabisala kumbuyo kwa chinsinsi popeza iye mwini alibe yankho. Mafunso onse awiri ngoyenera. Wachiwiriyu ndimpempha ayang'ane ntchito imene Romero waigwira m'kati mwa nyumba: tikudziwa khomo lililonse, tikudziwa pamene pali mfuti ndi kiyi ya pampu ya petulo, tikudziwa chimene munthu aliyense akufuna. Kunja kokha ndiko kwasiyidwa mumdima, ndipo ulesi ukadaoneka m'katimo. Woyambayo ndimyankha kuti mafilimuwa sakunena kuti chifukwa kulibe. Akuti chimachedwa, ndipo anthu amafa chisanafike, ena mwa iwo ndi manja a anzawo.

Izi si za ku America kokha. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, wakupha osadziwika kwa nthawi yaitali. Anthu ankagona atakhoma zitseko, mphekesera zikuyenda zoti magazi a ophedwawo akupita ku South Africa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe nkufalikira mpaka ku Blantyre. Umboni wa namapopa sudapezeke, koma anthu angapo owaganizira adaphedwa ndi magulu a anthu, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiriwo. Mu 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, nkhalamba 4 zidaphedwa poganiziridwa ufiti. Amene adanyamula zibonga m'malo amenewa adali anthu ngati mayi wa ana awiri uja wa ku Bodega Bay, ogwidwa ndi mantha a chinthu chosadziwika, ofuna dzina lisanache.

Si dzina lililonse limapha. Pamene phiri la Zomba lidakhuthula madzi ndi miyala mu Disembala 1946, anthu adati Napolo wadutsa. Dzina limenelo limachisiya chinthucho kuphiri kumene chili. Silipereka mlandu kwa mnansi. Dzina loopsa ndi lija limene limachichotsa chinthucho kunja nkuchiveka nkhope ya munthu wa pamudzi pomwepo.

Tsono tiyeni tidziyang'ane ife alembi. Nkhani zathu zambiri zoopsa, zolembedwa ndi za pasiteji zomwe, zimayenda njira imodzi: ana akufa motsatizana pamudzi, abale apita kukaombeza ula, sing'anga atchula azakhali kapena agogo, ndipo pamapeto agogowo agwidwa kumanda usiku kapena aulula okha akutsirizika. Wolemba amaganiza kuti waphunzitsa kuti choipa chitsata mwini. Chimene waphunzitsa nchakuti chala cha gulu chimaloza zoona nthawi zonse, popeza m'nkhani zake sichidaphonyepo. Ndi mapeto a The Mist omwe aja atavala nsalu yakwathu.

Sindikuti tileke kulemba za ufiti kapena za mantha a usiku, iyayi. Zili m'moyo wathu, ndipo wolemba wozithawa akunama. Ndikuti tiyese kukhala m'nyumbamo nthawi yaitali. Ana afe monga amafera, chifukwa chake chikhale chosadziwika monga chimakhalira pamudzi wakutali ndi chipatala, ndipo ife tiike maso pa amoyo: ndani akuyamba kutchula dzina, ali ndi mkangano wanji wa munda ndi mwini dzinalo, ndani akudziwa kuti nzabodza koma wakhala chete, ndani akubwereketsa chingwe. Nkhani yotere njovuta kulemba kuposa ya sing'anga, ndipo owerenga ena adzadandaula kuti sitidawauze mfiti. Tiwalole adandaule. Romero naye sadawauze oonera ake chimene chidaukitsa akufa. Adawasonyeza amene adamuombera Ben.